Zitsa za pa Msewu wa Gwaza

Nkhani iyi amuna saikonda. Ngati pali wina pano amene waiwala kutseka khola la mbuzi, anyamuke pompano, chifukwa ine ndikayamba sindiima pakati.

M'mudzi wa Mtsekwe munali mayi wina dzina lake Nankhoma. Anabwera m'mudzimo pa chitengwa akali mtsikana, atakwatiwa ndi Yotamu Gwaza, munthu wamtali wokonda kuyankhula manja ali m'thumba. Nankhoma anabereka ana atatu, ndipo onse anabadwa osalira. Yotamu sanamumenye ayi, mwina kumenyako kukanapola msanga. Anangonena pamowa, anthu onse akumva, kuti iye anakwatira nkhokwe yobooka, kenako n'kukwera basi ya ku Joni osatsanzika. Abale a Nankhoma anabwera kudzamutenga koma iye anakana. Akamufunsa chimene akudikira pamudzi pa eni, ankangoyankha kuti ana ake ali konkuno. Amuna ankaseka kuti mutu wayamba kuzungulira. Amayi sankaseka.

Paja mwana wobadwa wakufa, amene timati nthayo, sapita kumanda a akuluakulu. Salira maliro, sapatsidwa dzina, ndipo amuna sayandikira. Amayi okhaokha amamunyamula mwakachetechete n'kukamuika pamalo awo obisika, m'kadzenje kolekeza m'chigongono, chifukwa amati ukakumba mozama watseka mimba ya mayi wake. Popita sayenda njira yowongoka. Amalowa patchire, kukhota, kubwerera, kutulukira kwina, kuti kamwanako kasadziwe njira yobwerera kunyumba. Malo a amayi a kwa Mtsekwe anali kamsitu ka miwanga ndi misuku kamene kanali pakati pa msewu waukulu ndi bwinja la makolo a Yotamu. Ana a Nankhoma anagona mmenemo, patsinde pa muwanga waukulu, ndipo amene anawakwirira ndi manja awo anali apongozi ake, malemu Nangondo, mayi ake a Yotamu yemweyo.

Nankhoma anali atayamba imvi pamene Yotamu anabwerera. Anabwera ndi mimba yaikulu, galimoto yofiira, ndi mkazi wamng'ono dzina lake Jenala, amene pathupi pake panali patayamba kuonekera. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha pabwinja paja, malata ake ochititsa khungu masana. Koma panali vuto limodzi limene linkamusowetsa tulo. Kanjira kakale kopita pabwinjapo kankazungulira kamsitu kaja ndipo kanali kopapatiza, moti galimoto inkagona kumsewu waukulu pakhonde pa golosale, mwini wake n'kumafika pakhomo wapansi ngati wina aliyense. Yotamu sanavutike zaka zonse zija ku Joni kuti azifika pakhomo wapansi. Anafuna msewu wowongoka, wochokera kumsewu waukulu mpaka pakhonde pake.

Tisamunamizire, anafunsa. Anapita pamene amuna amasewera bawo n'kufunsa ngati m'kamsitumo muli manda. Amunawo anayankha zoona zokhazokha monga ankazidziwira, kuti manda ali kudambo, mmenemo muli nsato ndi masuku basi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zokafunsa mkazi wake. Amuna akagwirizana chinthu amaona ngati mudzi wonse wagwirizana.

Amayi anamva mitengo itayamba kale kugwa. Anasonkhana kuchitsime, milomo ili pululu, n'kugwirizana kuti Nankhoma ndiye apite, poti ukwati wake ndi Yotamu sunathe pabwalo lililonse. Akamutsine khutu mwamuna wakeyo, ngakhale mozungulira, kuti msewu ukhotere kwina.

Nankhoma anapitadi. Anapeza Yotamu ataima pachitsa akuloza uku ndi uku, Jenala atakhala pamthunzi. Asanatsegule n'komwe pakamwa, Yotamu anamuuza kuti ngati wabwera kudzatola nkhuni atole msanga asasokoneze anyamata. Kenako anatembenukira kwa Jenala.

"Ndi amenewa ndinkakuuza aja," anatero. "Usamakhale nawo pafupi, angakupatsire."

Aganyu anaseka pang'ono, kuseka kofuna kusangalatsa bwana. Nankhoma anayang'ana muwanga waukulu uja, umene nkhwangwa zinali zitaulowa kale mpaka pakati. Mawu onse amene ananyamula anawameza. Anatola nkhuni ziwiri, n'kuthokoza, n'kubwerera. Kuchitsime anangowauza amayi anzake kuti wamuona, amusiye. Mumtima mwake munali chidani chozizira bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anagona tulo tabwino.

Kugwetsa mitengo si ntchito, ntchito ndi zitsa. Amene ankatsogolera aganyu anali Bizalieli, bambo wa m'mudzi woyandikana nawo, wodziwa kuzula zitsa m'minda ya fodya. Ankakumba mozungulira chitsa ndi piki, kudula mizu ndi nkhwangwa, kulowetsa mtengo wautali pansi pake, onse n'kulendewera kunsonga mpaka chitsa chitagudubuka. Za misuku zinkatuluka mosavuta. Za miwanga zinakana. Nkhwangwa inkangodumpha pamuzu, mpini n'kuthyoka. Bizalieli anadabwanso kuti dothi la patsinde pake linali lofewa pamwamba ngati pamene wina analimapo, ndipo mwina fosholo inkatukula kansanza kowola kapena kaphale. Yotamu anati ndi zinyalala za makolo, awotche zitsazo ntchito iyende. Choncho anaunjika nkhuni ndi ndowe zouma pachitsa chilichonse, kuyatsa, n'kukwirira ndi dothi kuti moto uzidya pang'onopang'ono mpaka kumizu.

Utsi wake ndi umene unayamba kudabwitsa anthu. Sunkakwera m'mwamba. Unkakwawa pansi, kulekeza m'maondo, n'kumatsata mpata wolambulidwawo kulowera kunyumba ya malata, ngakhale tsiku lopanda mphepo. Nkhuku zinasiya kudutsa pamenepo. Kenako mbuzi zoyamwitsa zinayamba kudzuka mawere ali phwa, tiana take tikulira njala, makola ali otseka bwinobwino. Amuna anati ndi njoka. Amayi anayamba kuitana ana awo dzuwa likali m'mwamba.

Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, Bizalieli anafika pakhomo pa Nankhoma kudzapempha madzi. Nankhoma anamupatsa madzi m'chikho. Anafotokoza kuti anzake atapita kukapuma, iye anatsala akusonkheza moto pachitsa chachikulu. Atadzutsa mutu anaona mayi wachikulire ataima kumene msewu ukuyambira, nsalu yakuda atafunda kumutu. Mayiyo anafunsa kuti msewu umenewu ukupita kwa yani. Iye anayankha kuti kwa a Gwaza.

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa Nankhoma.

"Anati, 'Mwauwongola bwino. Ngakhale wokwawa akafika.' Ndinawerama kuti nditole piki, podzuka palibe munthu. Ponse paja n'poyera, mayi, palibe pobisala."

Nankhoma anafunsa maonekedwe ake. Wamfupi, mphini m'masaya, chala chimodzi cha kumanja chopindika. Nankhoma analandira chikho chake n'kuchitsuka. Chala chimenecho ankachidziwa, chinali cha malemu apongozi ake, chinamupukutapo misozi katatu konse. Bizalieli sanabwererenso kuntchitoko, ndipo zida zake anatuma munthu kukamutengera.

Yotamu anati anthu a kumudzi ndi aulesi. Anaitanitsa lole ya m'tauni ndi tcheni, anakoka zitsa zopsererazo zimene zinalola, zimene zinakana anazidula mofanana ndi nthaka. M'maenje anathiramo miyala ndi katondo, pamwamba n'kuyala mchenga woyera wa kumtsinje. Tsiku limene galimoto inafika pakhonde analiza hutala mpaka agalu a m'midzi ina anayankha.

M'mawa mwake Nankhoma anadzuka mbandakucha, chifuwa chikumuwawa. Anapeza nsalu yake yanyowa kutsogolo, iye mayi wa imvi amene sanayamwitsepo. Anatuluka n'kupita kumsewu watsopanowo. Pamchenga, kuyambira pamene panali muwanga waukulu, panali tizidindo. Timanja totambasula, kumbuyo kwake timaenje ta maondo, pakati kamzere ngati pamene pakokedwa chingwe. Sitinali ta ana atatu okha. Tinali tambiri, tina kuchokera kumanja, tina kumanzere, tonse titaloza kumodzi. Tinayenda kamtunda kochepa n'kuthera pomwepo, ngati eni ake atopa.

Mwina mukuganiza kuti anachita mantha. Ayi. Anagwada n'kuika dzanja lake pambali pa kadzanja kamodzi, misozi ikutsika, akumwetulira. Ana ake anali kukwawa, ndipo ankapita kwa bambo awo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankapita kukaona, ndipo m'mawa uliwonse tizidindoto tinkapezeka titasendera kutsogolo. Jenala ankasesa, mawa tabwerera. Yotamu anati ndi amphaka a m'tchire. Anagula galu wamkulu wolusa, koma galuyo anakana kuponda pamchengapo, ankangolira ali kuseri kwa nyumba mchira uli pakati pa miyendo. Anaika magetsi a sola pakhonde. Magetsiwo sanaonetse kanthu, koma zinthu zinayamba kusowa m'nyumba, zitseko zili zokiya. Matewera amene Jenala anagula ku Joni, kachipewa koluka, kashawelo koyera. Zinkapezeka pamsewu, pamene panali maenje a zitsa, zitayalidwa bwinobwino, pakati pake pali polowa ngati pagonapo kanthu.

Tsiku lina kachisisira, Nankhoma akutola ndiwo zimene anayanika, anaona Jenala akubwera kudzera kanjira kakale, akuyenda atagwira m'chiuno. Anagwada movutikira pataliko ndithu. Nkhope inali itatha, maso atalowa. Anayamba n'kupepesa. Anati ku Joni Yotamu anamuuza kuti mkazi wake woyamba anamwalira, ndipo zoti ali moyo anazidziwira atafika kale muno m'Malawi. Anati amayi a kuchitsime akamuona amasiya kuyankhula, ndipo mmodzi anamunong'oneza kuti ngati akufuna mwana wake abwere kuno.

"Amayi, amandigunda," anatero. "Mwana akamagunda ndimadziwa, amagunda mkati. Awa amagunda kunja. Ndikangogona, ndimamva timanja tozizira tikufufuza pamimba ngati tikufuna polowera."

Nankhoma anapitiriza kutola ndiwo zake. Ankafuna kumva kukoma, koma kukomako sikunabwere monse.

"Ndinatayapo wina, amayi, ndisanakumane ndi a Gwaza. Kuchipatala cha kunja kuja sanandionetse n'komwe, sindidziwa kumene anamuika. Uyu yekha ndithandizeni. Ine sindinakulakwireni."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinamupweteka Nankhoma chifukwa zinali zoona. Anamuuza mtsikanayo chimene chinali pansi pa mchenga uja. Anamuuzanso chochita. Msewu utsekedwe ndi minga, galimoto ibwerere kugolosale, amayi alowemo okha akonze zimene zaonongeka. Koma choyamba Yotamu abwere yekha, agwade pamene panali muwanga, anene ndi pakamwa pake kuti ana amene ali pamenepo ndi ake. Chomalizachi sichinali cha mwambo uliwonse. Anachiwonjezera yekha Nankhoma, chifukwa ankachifuna.

Yotamu anabweradi m'mawa mwake, koma osati kudzagwada. Anafika akutukwana kuyambira patali, kuti mfiti yamuopseza mkazi wake, kuti nsanje imupha, kuti kanyumba kakeko akagwetsa. Anthu anayamba kusonkhana. Nankhoma anaimirira pakhomo pake n'kunena pamaso pa amuna chinthu chimene mkazi wa kwa Mtsekwe anali asananenepo.

"Ana anu ali pansi pa mateyala anu, a Gwaza. Mumawaponda popita, mumawaponda pobwera. Anawaika ndi mayi anu."

Amuna a pabawo aja anayang'ana akazi awo, akaziwo anayang'ana pansi. Yotamu anatulutsa manja m'thumba, ndipo kwa kanthawi Nankhoma anaona ngati munthu uja asweka. Koma anthu anali kuyang'ana, ndipo Yotamu anali Yotamu.

"Ine ndilibe mwana kumeneko," anatero. "Chimene sichinalire si mwana."

Madzulo a tsiku lomwelo mayi wina anabwera kudzamuuza Nankhoma kuti tizidindo tafika pasitepe ya khonde, masanasana, Jenala atangosesa kumene. Apa mpamene mantha anamugwira. Iye ankafuna Yotamu, koma amene ankakwawa aja sankafuna Yotamu. Mwana akakwawa safuna bambo, amafuna pofunda.

Anatapa ufa m'kambale n'kuthamangira kumsewu dzuwa likulowa. Anakhala pansi pakati penipeni, miyendo atatambasula ngati wotchinga mbuzi, n'kuthira ufa pamchenga. Ankadziwa mapembedzedwe a mizimu. Umaitchula dzina, kuikumbutsa ubale, n'kuipempha kuti igone. Anatsegula pakamwa, ndipo anapeza kuti alibe choitana. Analibe dzina ndi limodzi lomwe. Anayesa kuti "ana anga", anayesa kuti "inu a kwa Gwaza", anawauza kuti mtsikanayo alibe mlandu, abwerere, iye awafunditsa. Koma anali kuyankhula ndi amene sanamvepo mawu a munthu, amene sadziwa kuti "ayi" n'chiyani.

Mphepo inaleka. Mchenga unayamba kulira pang'onopang'ono, monga umachitira nkhuku ikamapalasa. Kenako anamva kanthu kozizira kakukwera pamwendo pake, kolemera ngati kamphaka, n'kutsikira mbali inayo. Kena kanatsatira, kenanso. Sanayang'ane pansi. Kamodzi kanaima pamiyendo pake, kanakwera mpaka pachifuwa, n'kukhala pamenepo kakufufuza. Nankhoma anapinda manja kuti akafungatire, koma m'manjamo munalibe kanthu. Nakonso kanatsika n'kutsatira anzake. Anakhala pomwepo akulira mpaka amayi anzake anabwera kudzamudzutsa.

Matenda anamuyamba Jenala kukucha, mwezi wake usanakwane. Yotamu anamunyamula n'kumugoneka kumpando wa kumbuyo, analiza galimoto n'kutsika msewu wake wowongokawo mwaliwiro. Sanafike kumsewu waukulu. Pamene panali muwanga paja nthaka inangoti fwaa, teyala la kutsogolo n'kulowa lonse. Moto wa Bizalieli sunazime ayi. Unali ukudya mizu pansi masiku onsewo n'kusiya mphako, ndipo m'dzenjemo munatuluka phulusa lofunda. Yotamu anaponda mafuta, galimoto inangokumba n'kukhala pamimba. Anakuwa, amuna anabwera ndi mitengo ndi miyala, anakankha, ananyamula, koma sinasunthe. Wina anathamanga kukafuna njinga yamoto. Nthawi inali itatha.

Amayi anafika akuthamanga, Nankhoma ali patsogolo. Anamutsitsa Jenala n'kumugoneka pamchenga, anamasula zitenje zawo n'kupanga mpanda momuzungulira. Amuna anabwerera m'mbuyo okha. Jenala anagwira dzanja la Nankhoma mpaka zikhadabo kulowa, ndipo Nankhoma anachita zonse zimene manja a munthu angachite, akupemphera mokweza kuti chidani chake chimubwerere iye mwini. Dzuwa litatuluka mwana anabadwa, mwamuna, wathunthu, tsitsi lakuda bii. Anamutembenuza, anamusisita, anamupumira m'kamwa. Amayi onse anagwira mpweya kudikira. Kunkangomveka injini ikuzizira.

Patapita nthawi mayi wina anafunsa monong'ona kuti amutengera kuti, poti kamsitu kulibenso. Nankhoma anayankha kuti sapita naye kulikonse, wafika kale. Anavula mpango wake n'kumukulunga. Chimene anachidikira zaka zonse zija chinali chitabwera, ndipo chinali m'manja mwake, chopepuka, chikuzizira. Sanamve kukoma kulikonse. Koma atamva mapazi a Yotamu akuyandikira mpanda wa zitenje, anapeza kuti chidani chija chikalipo, chonse.

"Bwanji sakulira?" anafunsa Yotamu ali kunja. Mawu ake anali aang'ono. "Nankhoma, chonde. Ndimuoneko mwana wanga. Kamodzi kokha."

Nankhoma anapatula zitenje pang'ono, pongokwana nkhope yake. Anamuyang'ana mwamuna uja, maondo ali phulusa lokhalokha, makiyi akali m'manja.

"Mwana wake uti, a Gwaza? Mwanena nokha dzulo, anthu onsewa akumva. Chokani apa, izi n'za amayi."

Anatseka zitenje. Amuna awiri anamugwira Yotamu m'mapewa n'kumutembenuza, ndipo anapita naye akukoka miyendo. Mkatimo Nankhoma anagwada pambali pa Jenala n'kuyamba kukumba ndi manja mumchenga wofundawo. Atafika m'chigongono analeka.